Phunziro la Mwezi Uno: Kupeza Uthenga Wodalirika pa Intaneti

Ku ofesi yathu yofalitsa nkhani za khonsolo sabata siitha popanda munthu wodzafunsa za uthenga womwe wauona pa foni. Wina amabwera ndi chikalata cholengeza mwayi wa ntchito, wina ndi mndandanda wa mayina a anthu omwe akuti alandira thandizo, winanso ndi uthenga womuuza kuti atumize ndalama yolembetsera ngongole. Ena amafika asanachitepo kanthu ndipo timathandizana. Koma ena amafika ndalama zitapita kale, mbuzi itagulitsidwa, ndipo chomwe chimatsala ndi kupepesana basi.

Vutoli silikhudza matumba a anthu okha. Makomiti athu a chitukuko, a VDC ndi a ADC, amafunika ziwerengero ndi mfundo zoona polemba mapulani a midzi komanso popempha zitukuko. Alimi amafuna malangizo, ophunzira amafuna zolemba, makolo amafuna kudziwa za matenda. Zambiri mwa izi zilipo pa intaneti, koma zasakanikirana ndi mabodza, malonda ndi nkhani zomwe zidatha ntchito kalekale. Phunziro lino likufotokoza momwe munthu wamba, wokhala ndi foni ya m'manja ndi bandulo yochepa, angafufuzire mwanzeru n'kupeza uthenga womwe angaime nawo pamaso pa anthu popanda kuchita manyazi.

Intaneti ili ngati tsiku la msika

Pa tsiku la msika aliyense amayala malonda ake. Pamakhala wogulitsa mbewu yabwino, ndipo pambali pake pamakhala wogulitsa chimanga wamba chomwe wachipaka utoto kuti chioneke ngati mbewu yamakono. Intaneti ili chimodzimodzi. Palibe mlonda woima pachipata kuti asankhe zoona zokhazokha. Dokotala amalemba, wakuba amalemba, ndipo mwana wongoseweretsa foni amalembanso.

Tikalemba funso pa Google, makinawo amatiyalira masamba omwe ali ndi mawu ofanana ndi omwe talemba, poganiziranso kutchuka kwa masambawo ndi zinthu zina. Kukhala pamwamba pa mndandanda si umboni woti tsambalo likunena zoona. Ndiponso mayankho ena oyambirira amakhala a malonda, omwe eni ake adalipira kuti aoneke msanga. Awa amakhala ndi kamawu kachingerezi koti Sponsored. Mukakaona, dziwani kuti wina akufuna kukugulitsani kanthu, ndipo tsikirani m'munsi.

Gawo loyamba: dziwani chomwe mukufuna

Tiyerekeze kuti komiti ya VDC yagwirizana zopempha mjigo. Mlembi wapatsidwa ntchito yosonkhanitsa mfundo zoti pempholo likhale lamphamvu likamapita ku ADC kenako ku khonsolo. Mlembiyo akangolemba kuti "madzi" kapena "vuto la madzi", alandira masamba osawerengeka ndipo bandulo itha asanapeze kanthu.

Asanagwire foni, mlembiyo atenge kope ndi cholembera n'kugawa nkhaniyo m'mafunso ang'onoang'ono. Kodi m'dera la mfumu yaikulu yathu muli anthu angati? Kodi mjigo umodzi uyenera kutumikira anthu angati malinga ndi muyezo wa boma? Kodi ndi matenda ati omwe amabwera chifukwa chomwa madzi osatetezeka? Funso lililonse lili ndi mwini wake woyenera kuliyankha. La chiwerengero cha anthu ndi la ofesi yoona za ziwerengero, la muyezo wa mijigo ndi la unduna woona za madzi, ndipo la matenda ndi la unduna wa zaumoyo. Munthu akadziwa mwini wa yankho, ndiye kuti ntchito yaikulu yatheka kale.

Gawo lachiwiri: sankhani mawu ofufuzira

Makina ofufuzira safuna malonje kapena chiganizo chachitali. Mawu atatu kapena asanu ofunikira kwambiri ndi okwanira: dzina la chinthucho, dzina la malo, ndi chaka. Nthawi zonse onjezerani mawu oti Malawi kapena dzina la boma lathu, apo ayi mulandira nkhani za mayiko ena.

Tivomereze kuti zolembedwa m'Chichewa n'zochepa pa intaneti, ndipo malipoti ambiri a boma ndi a kafukufuku ali m'Chingerezi. Choncho yesani zinenero zonse ziwiri. Mlimi amene mbozi zalowa m'munda mwake akhoza kulemba fall armyworm maize Malawi, ndipo apeza zambiri kuposa atalemba m'Chichewa chokha. Amene Chingerezi chimawavuta asachite manyazi kupempha mphunzitsi kapena mwana wa ku sekondale kuti akhale nawo pambali. Zipangizo zomasulira zinenero monga Google Translate zimathandiza kumva mutu wa nkhani, koma zimalakwitsa. Musazidalire pa muyezo wa mankhwala kapena pa mawu a lamulo.

Pali njira zinayi zosavuta zochepetsera chiwerengero cha mayankho. Yoyamba ndi kutsekera mawu m'zizindikiro zogwira mawu, mwachitsanzo "Village Action Plan". Mukatero, makinawo amafunafuna mawuwo monga momwe mwawalembera. Yachiwiri ndi kulemba site: kutsogolo kwa adiresi, popanda kusiya mpata. Mukalemba cholera site:gov.mw mulandira masamba a boma la Malawi okhaokha, ndipo mukalemba site:ac.mw mulandira a sukulu zaukachenjede za m'dziko muno. Yachitatu ndi kuonjezera filetype:pdf kumapeto kwa mawu anu, kuti mupeze malipoti athunthu m'malo mwa tizidutswa ta nkhani. Yachinayi ndi kuika kachizindikiro kochotsera kutsogolo kwa mawu omwe simukuwafuna. Mlimi wa nsomba akafufuza za nsomba za m'nyanja ya Malawi amakumana ndi masamba ambiri a anthu akunja oweta nsomba zokongoletsa m'nyumba. Akaonjezera -aquarium masamba ambiri oterewa amachoka.

Mukafufuza koyamba osapeza kanthu, sinthani mawu n'kuyesanso. Kawirikawiri tsamba loyamba lomwe mwawerenga limakuphunzitsani mawu enieni omwe akatswiri amagwiritsa ntchito, ndipo mawuwo ndi omwe amakufikitsani pa lipoti loyenera.

Gawo lachitatu: tungani pa kasupe

Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Uthenga ukadutsa m'manja ambiri umasintha: nambala imodzi imagwa, dzina limasokonekera, chaka chimaiwalika. Njira yabwino ndi kupita kwa mwini uthengawo.

Pa chiwerengero cha anthu, mwini wake ndi ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 adapeza kuti m'Malawi mudali anthu 17,563,749, ndipo malipoti ake amagawa chiwerengerochi m'maboma ndi m'madera a mafumu akuluakulu. Pa zanyengo, dalirani nthambi yoona za nyengo ndi kusintha kwa nyengo, yomwe imalengeza momwe mvula ikuyembekezeka kugwera dzinja lisanayambe komanso imachenjeza za namondwe. Pa ulimi, yang'anani zolembedwa ndi unduna wa zamalimidwe, malo a kafukufuku monga Chitedze ku Lilongwe ndi Bvumbwe ku Thyolo, sukulu yaukachenjede ya LUANAR, komanso bungwe la FAO. Pa zaumoyo, pitani ku unduna wa zaumoyo ndi bungwe la WHO. Malamulo a dziko lino ndi zigamulo za makhothi zimapezeka pa tsamba la MalawiLII. Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu January 2021, amapezeka ku bungwe la National Planning Commission. Ophunzira ndi aphunzitsi ofuna zolemba za akatswiri a kafukufuku agwiritse ntchito Google Scholar.

Yang'anitsitsani adiresi ya tsamba. Masamba ambiri a maunduna ndi nthambi za boma amathera ndi gov.mw, ngakhale mabungwe ena aboma ali ndi adiresi zongothera ndi mw. Akuba amapanga masamba ofanana ndi enieni, okhala ndi chizindikiro cha boma ndi mitundu ya mbendera, koma adiresi yake imakhala yachilendo kapena yosiyana ndi yeniyeni pa chilembo chimodzi. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Chizindikiro cha boma aliyense akhoza kuchikopera n'kuchimata pa chikalata chake.

Nanga Wikipedia? Ndi poyambira pabwino pofuna kudziwa mutu wa nkhani, koma anthu wamba ndi omwe amalemba ndi kusintha zomwe zili m'menemo. Werengani, kenako tsikirani kumapeto kwa nkhaniyo komwe amatchula mabuku ndi malipoti omwe atengako mfundo, ndipo tsatani amenewo.

Gawo lachinayi: mafunso asanu oyesera uthenga

Funso loyamba: walemba ndani? Nkhani yodalirika imakhala ndi dzina la wolemba kapena la bungwe, ndipo bungwelo limadziwika komwe lili. Ngati simulidziwa, tsegulani tsamba lina n'kufufuza dzina lakelo kuti muone zomwe ena akunena za ilo. Uthenga woyamba ndi mawu oti "akuti" kapena "wina wogwira ntchito m'boma wandiuza" ulibe mwini, ndipo palibe amene angadzayankhe ukapezeka kuti ndi wabodza.

Funso lachiwiri: zidalembedwa liti? Uthenga ukhoza kukhala woona koma wakale. Kalembera wa 2008 adapeza anthu pafupifupi 13 miliyoni, pomwe wa 2018 adapeza oposa 17.5 miliyoni. Mlembi wa VDC akagwiritsa ntchito chiwerengero cha 2008 popempha mjigo, achepetsa yekha anthu a m'dera lake ndipo pempholo lioneka ngati losafunika changu. Pa mitengo ya zinthu m'pamene pafunika kusamala kwambiri. Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Bajeti ya mdadada wa sukulu yolembedwa potengera mitengo ya simenti ndi malata ya zaka za m'mbuyozo siingamalize ntchito, ndipo nyumba ikaima pa mawindo anthu amayamba kuloza chala komiti kuti yadya ndalama.

Funso lachitatu: adalembera anthu a kuti? Malangizo a ulimi ochokera ku America kapena ku Ulaya amanena zobzala chimanga mu April kapena May, pomwe kwathu kuno mvula yobzalira imagwa cha mu November ndi December. Miyezo nayonso imasiyana. Hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka, kotero mlimi amene wawerenga muyezo wa pa hekitala n'kuuthira pa ekala imodzi wapyola muyezo kuwirikiza kawiri ndi theka. Komanso mankhwala ololedwa m'dziko lina akhoza kukhala osaloledwa kuno. M'Malawi muno bungwe la Pesticides Control Board ndilo limavomereza mankhwala ophera tizilombo, ndipo mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu ndiye woyenera kumufunsa musanagule.

Funso lachinayi: umboni wake uli kuti? Nkhani ikanena kuti kafukufuku wapeza chakuti, ifotokoze kuti adachita ndani, liti, kuti, ndipo adafunsa kapena kuyeza anthu angati. Umboni wa munthu mmodzi woti adamwa chakuti n'kuchira si kafukufuku. Pa matenda ngati kolera, omwe adapha anthu ambiri m'dziko muno mu 2022 ndi 2023, kutaya maola ochepa poyesa mankhwala a pa WhatsApp kukhoza kutayitsa moyo. Wodwala apatsidwe Thanzi ORS n'kuthamangira naye kuchipatala.

Funso lachisanu: ena akuti chiyani, ndipo wolembayo akufuna chiyani kwa ine? Nkhani yaikulu yoona siikhala pa tsamba limodzi lokha. Wailesi ndi nyuzipepala zodziwika zimaiulutsanso. Pezani magwero awiri kapena atatu osiyana, ndipo onetsetsani kuti sadangokoperana mawu. Kenako dzifunseni ngati uthengawo ukufuna kukuphunzitsani, kukugulitsani kanthu, kukuopsezani, kapena kukukwiyitsani kuti mudane ndi munthu wina. Uthenga wokukakamizani kuti muutumize msanga kwa anthu khumi, kapena woti mwayi utha lero lomwe, muukayikire.

Gawo lachisanu: zithunzi, makanema ndi mawu ojambulidwa

Ambiri timakhulupirira chithunzi kuposa mawu olembedwa, ndipo ofalitsa mabodza amadziwa zimenezi. Nthawi zambiri chithunzicho chimakhala chenicheni koma cha malo ena kapena cha chaka china. Chithunzi cha mlatho wokokoloka pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 chikhoza kutumizidwanso lero ngati kuti zachitika usiku wathawu. Pofuna kutsimikiza, gwiritsani ntchito Google Lens: ikanimo chithunzicho ndipo ikuonetsani masamba ena pomwe chidaonekapo kale. Yang'ananinso zikwangwani, manambala a galimoto ndi kavalidwe ka anthu ngati zikugwirizana ndi malo omwe akutchulidwawo.

Pa WhatsApp, uthenga womwe wadutsa m'manja ambiri umakhala ndi timivi tiwiri ndi mawu oti Forwarded many times. Izi zikutanthauza kuti amene wakutumizirani si mwini wake, ndipo mwina sadziwa komwe udachokera. Mawu ojambulidwa a munthu wosatchula dzina lake, malo ndi tsiku ndi mphekesera chabe, ngakhale atalankhula molimba mtima chotani.

Tisaiwale zomwe zidachitika mu 2017, pomwe mphekesera za anamapopa zidafala m'maboma ena a m'chigawo chakummwera monga Mulanje ndi Phalombe. Anthu osalakwa adaphedwa, ndipo ntchito zina za umoyo ndi chitukuko zidaima chifukwa ogwira ntchito adaopa kulowa m'midzi. Lero foni imatha kufalitsa mphekesera yotere m'boma lonse dzuwa lisanalowe. Aliyense wotumiza uthenga wosatsimikizika amakhala wathandiza kuufalitsa, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limakhudzanso zomwe timalemba ndi kutumiza pa foni.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: makina oyankha mafunso

Kuyambira kumapeto kwa 2022 kwafala zipangizo monga ChatGPT, zomwe zimayankha funso ngati munthu. Zimathandiza kufotokoza mawu ovuta, kufupikitsa lipoti lalitali, kapena kupereka mawu abwino ofufuzira. Koma zimagwira ntchito polumikiza mawu motengera zolembedwa zambiri zomwe zidaphunzitsidwa, ndipo nthawi zina zimapeka manambala, mayina ndi mabuku omwe kulibe, n'kuzinena mosakayika konse. Pa nkhani za midzi yathu, zomwe zolembedwa zake n'zochepa, kulakwitsaku kumachuluka. Chilichonse chomwe makinawa akuuzani, makamaka nambala, tsiku kapena gawo la lamulo, katsimikizeni ku gwero lenileni musanachilembe m'lipoti.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: sungani zomwe mwapeza

Bandulo ndi ndalama. Lembani mafunso anu musanatsegule intaneti, pewani makanema pomwe nkhani yolembedwa ilipo, ndipo lipoti lofunika mulisunge m'foni kuti mudzaliwerenge popanda intaneti n'kugawirako anzanu a m'komiti. Pa mfundo iliyonse lembani m'kope zinthu zinayi: dzina la bungwe, mutu wa lipoti, chaka, ndi nambala ya tsamba. Tsiku lomwe khansala kapena mkulu woona za mapulani adzafunse komwe mwatenga nambala yanu, mudzangotsegula kope.

Tibwerere kwa mlembi wathu uja. Wapeza chiwerengero cha anthu a m'dera la mfumu yaikulu kuchokera ku kalembera wa 2018. Wapezanso kuti muyezo womwe umatsatidwa m'dziko muno ndi mjigo umodzi pa anthu pafupifupi 250, pa mtunda wosapitirira mamita 500. Koma chiwerengero cha mabanja a m'mudzi mwake lero, ndi mtunda womwe amayi amayenda kukatunga madzi, sazipeza pa Google. Izi zili m'kaundula wa anyakwawa, m'buku la mlangizi wa zaumoyo, ndi m'miyendo ya amayiwo. Pempho lamphamvu limaphatikiza zonse ziwiri, za pa intaneti ndi za pamudzi.

Zomwe simudazipeze, dzafunseni

Safunsa adadya phula. Zikalata zambiri zokhudza boma lathu, monga ndondomeko ya chitukuko ya boma lino, bajeti ya khonsolo, ndi momwe ndalama za CDF zagwirira ntchito, mukhoza kuzifunsa ku ofesi za khonsolo. Lamulo la Access to Information, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, limapatsa nzika ufulu wopempha uthenga ku maofesi aboma, ndipo ofesi iyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo limayang'anira kuti lamuloli likutsatidwa.

Tikukumbutsaninso kuti khonsolo siipempha munthu kutumiza ndalama ku nambala ya foni ya munthu payekha kuti alembedwe ntchito kapena alowe m'ndandanda wa olandira thandizo. Ndalama iliyonse yolipira ku khonsolo imakhala ndi lisiti yake. Nambala yanu yachinsinsi ya Airtel Money, TNM Mpamba kapena ya ku banki musaipereke kwa munthu aliyense, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku ofesi. Mukalandira uthenga wotchula dzina la khonsolo ndipo mukukayika, funsani khansala wanu, wapampando wa ADC, kapena fikani ku ofesi yathu musanatumize kwa ena.

Ntchito yochita pa msonkhano wa komiti

Pa msonkhano wotsatira wa VDC kapena ADC, patulani mphindi makumi atatu kuti muchite izi pamodzi.

1. Sankhani vuto limodzi la m'dera lanu n'kuligawa m'mafunso atatu. Pa funso lililonse, tchulani ofesi kapena bungwe lomwe ndi mwini wa yankho.

2. Pogwiritsa ntchito foni imodzi, fufuzani chiwerengero cha anthu a m'dera la mfumu yanu yaikulu malinga ndi kalembera wa 2018. Lembani nambalayo, mutu wa lipoti ndi tsamba lake.

3. Tengani uthenga umodzi womwe wazungulira pa WhatsApp m'mudzi mwanu mwezi uno, n'kuuyesa ndi mafunso asanu aja. Gwirizanani ngati uli woyenera kuutumiza kwa ena.

4. Sankhani anthu awiri, wamkazi ndi wamwamuna, oti azithandiza komiti kutsimikiza mauthenga, ndipo mayina awo muwapereke kwa khansala wa wodi yanu.

Zomwe mupeze, pamodzi ndi mafunso omwe akuvutani, tumizani ku ofesi yofalitsa nkhani kudzera mwa mlembi wa ADC. Tidzayankha ena mwa mafunsowo m'kalata ya mwezi wamawa.